Ludwig van Beethoven ndi malipenga ake a m'khutu

Amene munapempherapo m'mapemphero a Cingerezi mudziwa nyimbo ija yochedwa Joyful, Joyful, We Adore Thee. Mau ake analemba m'busa wa Presbyterian, Henry van Dyke, mu 1907. Koma maimbidwe ake anapeka munthu amene sanathe kuwamva ndi makutu ake.

Ludwig van Beethoven anabadwira ku Bonn m'dziko la Germany mu December 1770. Mu 1792 anasamukira ku Vienna, kumene anachuka msanga pa kuliza piyano. Asanafike zaka 30, makutu anayamba kubvuta. Mu 1801 analembera mnzake Franz Wegeler, amene anali dokotala, kuti m'makutu mwake munali kulira usana ndi usiku. Munthu akakamba motsitsa, anali kumva phokoso cabe osagwira mau. Munthu akakuwa, makutu anali kumuwawa. Amene tili ndi ambuye osamva bwino kunyumba tizindikire pamenepa: kukuwa sikunamuthandize.

Madokotala anayesa mafuta a almond ndi kumusambitsa m'madzi ozizira, pena ofunda, koma sizinaphule kanthu. Cimene cinamudya kwambiri ndi manyazi. Woimba angauze bwanji anthu kuti samva? Kwa zaka pafupifupi ziwiri anapewa maphwando ndi maceza, ndipo anthu anamuyesa wonyada ndi wamkali. Mu October 1802, ali kumudzi wa Heiligenstadt, analembera abale ake awiri kalata youlula zonsezi. Anakambamo za tsiku limene mnzake anamva citoliro cikulira patali koma iye osamva kanthu, naulula kuti anaganizapo zodzipha. Cinamugwira dzanja ndi nchito ya nyimbo imene anaona kuti sanaitsirize. Kalatayo sanaitumize, inapezeka m'mapepala ake atamwalira.

Makina a batire amene ena a ife tivala kukhutu lero kunalibe. Ca m'ma 1813 Johann Nepomuk Mälzel, katswiri wopanga makina, anamupangira malipenga a citsulo. Mbali yopapatiza inali kulowa m'khutu, yotakata kusonkhanitsa mau a wokamba. Ena mwa malipengawo asungidwa ku Bonn, m'nyumba imene anabadwiramo. Anamuthandiza pang'ono kwa nthawi, koma ugonthi unapitirira, ndipo posacedwa analeka kuliza piyano pagulu. Ine ndiona kuti munthu amene anabisa bvuto lake zaka zonsezo anafunika kulimba mtima kuti anyamule lipenga loonekera kwa aliyense. Kacipangizo ka masiku ano kabisika kuseri kwa khutu, komabe ena akasiya m'dilowa pa Sabata.

Kuyambira mu 1818 alendo ake anali kulemba mafunso m'timabuku, iye ndi kuyankha pakamwa. Timabuku toposa 130 tilipo mpaka lero, ndipo muli zonse: nkhani za nyimbo, za ndalama, za cakudya, za mwana wa m'bale wake, Karl, amene anamulera movutikira. Beethoven sanali munthu wapafupi kukhala naye. Anchito a m'nyumba sanali kukhalitsa.

M'zaka zimenezi anatsiriza Missa Solemnis, nyimbo yaikulu ya Misa, pakuti anali Mkatolika. Pambuyo pake anamaliza Symphony ya nambala 9, mmene muli maimbidwe aja. Inaimbidwa koyamba ku Vienna pa 7 May 1824. Beethoven anaima kutsogolo akupereka liwiro ndi dzanja, koma oimba anali kutsata wotsogolera wina, Michael Umlauf. Akamba kuti anthu ataomba m'manja iye anali cipenyere mapepala ake, kufikira woimba wina wamkazi, Caroline Unger, anamutembenuza kuti aone khamulo.

Anamwalira pa 26 March 1827 ali ndi zaka 56, ndipo anthu zikwizikwi a mu Vienna anaperekeza maliro ake.