Daniel Kachamba, Mwini Gitala wa ku Chileka

Mwa zithunzi zakale za oimba a dziko lathu muli zina zimene zinajambulidwa mu 1967, zosonyeza anyamata ochepa ali ndi zoimbira zosauka: wina wafukata gitala, wina wamng'ono waluma chitoliro chachitsulo, winanso ali ndi babatoni wa chingwe chimodzi. Wa gitalayo ndiye Daniel Kachamba, ndipo mbiri yake ndiyo tifuna kukufotokozerani, pakuti ana athu ambiri dzinalo analimva koma munthuyo samdziwa.

Daniel anabadwa mu 1947, ndipo kwawo kunali m'mudzi wa Singano, kufupi ndi Chileka. Bambo wake, a James Kachamba, nawonso anali woimba gitala. M'zaka za m'ma 1950 banjalo linatsata njira imene anthu ambirimbiri a Nyasaland anatsata masiku amenewo, ndiyo ya ku Halale, mzinda umene Azungu ankautcha Salisbury. Kumeneko mwanayo anamva nyimbo za kwela, zimene zinabadwira m'makwalala a Johannesburg ndipo zinamveka kutali chifukwa cha akatswiri a chitoliro monga Spokes Mashiyane. Pobwera kwawo anabwera nazo m'mutu ndi m'zala, naphunzitsa mng'ono wake Donald, ndipo awiriwo ndi anzawo anayamba kuimba m'misewu ya Blantyre, odutsa nkumawaponyera timakobiri.

Tsono luso la Daniel linali lotere. Pa gitala imodzi ankatulutsa mawu atatu nthawi imodzi: chala chachikulu chikuyendetsa mawu akulu a pansi, chala chinzake chikuimba nyimbo pamwamba, ndipo pakati pake kugunda kwa gule kosaduka, kotero kuti womva ali kuseri kwa nyumba akadayesa kuti oimba alipo awiri kapena atatu. Sinjonjo, lumba ndi simanjemanje ankaziimba monga zakezake, nazipeka mawu a Chichewa onena za ulendo, umphawi ndi imfa. Donald nayenso chitoliro chake sankachiimba monga anachikonzera Azungu, koma ankachilowetsa m'kamwa mopendeketsa, kufupi ndi tsaya, ndipo mawu ake ankatuluka onona ndi amphamvu. Babatoni uja linali bokosi chabe, ndodo ndi chingwe. Ife amene tinaphunzira kuwerenga manoti ku seminale tidziwa kuti kugwirizanitsa mawu atatu m'dzanja limodzi si masewera, ngakhale kwa munthu amene anakhala zaka pa limba la m'tchalitchi.

Mu 1967 munthu wa ku Vienna, Gerhard Kubik, wofufuza za nyimbo za mu Afrika, anawapeza akuimba ku Blantyre. Anawajambula mawu, zithunzi ndi kanema, ndipo buku lake lonena za gululo linasindikizidwa m'Chingerezi mu 1974 ndi Yunivesite ya Zambia. M'zaka za m'ma 1970 Daniel anakaimba kunja kufikira ku Ulaya, ndipo kwathu kuno anthu anamutcha Dokotala.

Apa pali chinthu choti aphunzitsi a katekisimu achiganizire. Masiku amenewo makolo ambiri opemphera ankayesa gitala chida cha m'mabwalo a mowa, ndipo mwana woigwira ankamuona monga wotayika. Mantha awo sanali opanda pake, pakuti oimba ambiri mowa unawawonongadi. Koma poopa mowawo tinanyoza ndi mphatso yomwe. Msonkhano Wachiwiri wa Vatican unalamula mu 1963 kuti nyimbo za makolo a mitundu ya anthu zilemekezedwe ndi kupatsidwa malo ake pa mapemphero. Komabe munthu woyamba kukhala pansi ndi anyamata a ku Singano, nalemba mwaulemu za luso lawo, anali mlendo wochokera kutsidya la nyanja. Ndiye chake mawu amene anawajambula chaka chija amasungidwa ku Vienna. Ife a ku Zomba, amene tili ndi nyumba yosungira zolemba zakale za dziko lonse m'tsinde mwa phiri lathu, tiyenera kufunsa kuti zithunzi za oimba a m'midzi mwathu ndi za makwaya oyamba a m'maparishi athu zili m'manja mwa yani, ndipo ngati chiswe sichinazidye kale m'masutikesi.

Daniel anamwalira mu 1987 ali ndi zaka 40 zokha. Donald anapitiriza kwela, naphunzitsa anyamata ena ku Singano, ndipo mu 1999 anakaphunzitsanso nyimbozo pa yunivesite ya ku Los Angeles. Iyenso anatisiya mu 2001.