Dr Robert Laws, mmishoni yemwe ankakhala mu Stone House ku Livingstonia

Lilongwe, Mana: Akhristu ambiri a mpingo wa CCAP ku Kawale, ku Biwi ndi ku Area 25 sanakwerepo phiri la Khondowe m'boma la Rumphi, komwe kuli nyumba ya miyala ya munthu amene anali mtsogoleri woyamba wa sinodi ya mpingowu utakhazikitsidwa mu 1924. Munthuyo ndi Dr Robert Laws.

Laws anabadwa mu 1851 mumzinda wa Aberdeen ku Scotland, ndipo bambo ake anali mmisiri wa matabwa. Iye anaphunzira udokotala ndi ubusa, nafika ku Cape Maclear mu 1875 pa sitima ya Ilala. Malungo atatha anzake angapo, mishoni inasamukira ku Bandawe mu 1881, kenaka ku Khondowe mu 1894. M'zaka zimenezi anamasulira Chipangano Chatsopano m'Chinyanja.

Nyumbayi, yodziwika kuti Stone House, inamangidwa mu 1903. Zipupa zake ndi zochindikala, za miyala yosema, denga ndi la malata, ndipo munthu akaima pakhonde amaona nyanja ya Malawi kutali m'munsi. Kusankha miyala pamene njerwa zinalipo kukusonyeza maganizo a mwini wake: sanabwere kudzacheza. Ankafuna kuti Khondowe akhale likulu la maphunziro, ndipo pasukulu ya Overtoun Institution anyamata ankaphunzira uphunzitsi, ubusa, ukalipentala, zomangamanga ndi kusindikiza mabuku. Pamenepa ndi pomwe panaphunzira Levi Mumba, Clements Kadalie komanso David Kaunda, bambo wa mtsogoleri woyamba wa dziko la Zambia.

Komabe Laws ankazengereza kupereka udindo kwa anthu akuda. Abusa oyamba, Yesaya Zerenje Mwasi, Jonathan Chirwa ndi Hezekiah Tweya, anadzozedwa mu 1914, patatha zaka 39 chifikireni mishoni. Charles Domingo, yemwe anakulira pakhomo pa Laws, anatopa kudikira nachoka.

Laws anabwerera kwawo mu 1927 ndipo anamwalira ku London mu 1934.

Gawo lina la nyumbayi linasanduka malo osungirako zinthu zakale monga zithunzi, makalata ndi zipangizo zachipatala. Miyala payokha siivuta kusamala. Chimene chimafuna ndalama ndi denga, matabwa ndi mapepala, chifukwa chinyontho cha m'phirimo ndi chiswe sizichedwa kuwononga, ndipo kalata ikafumbwa palibe mmisiri angaibwezeretse.