Mayi Mary Sumner, Oyambitsa Mothers' Union

Ambirife timavala yunifolomu ya Mothers' Union, koma ndi angati amadziwa kuti amene anayambitsa bungweli ankaopa kuyankhula pagulu?

Mayi Sumner anabadwa mu 1828 ku Swinton, m'dziko la England. Mu 1848 anakwatiwa ndi George Sumner, amene anadzakhala wansembe wa parishi ya Old Alresford. Mulungu anawadalitsa ndi ana atatu.

Mu 1876 mwana wawo wamkazi atachira, Mayi Sumner anakumbukira mmene udindo wolera mwana unawalemerera iwowo pa uchembere wawo woyamba. Anaitanira kunyumba kwawo amayi a m'parishimo, olemera ndi osauka omwe. Tsiku loyambalo mantha anawagwira, mpaka anapempha amuna awo kuti ayankhule m'malo mwawo. Koma sanagwe mphwayi. Sabata yotsatira anaitananso amayiwo, natsogolera okha.

Kwa zaka 9 anagwira ntchitoyi m'parishi imodzi yokhayo, osatchuka n'komwe. Mu 1885 anayankhula pamsonkhano waukulu wa Mpingo ku Portsmouth, ndipo bungweli linafalikira m'dayosizi yonse ya Winchester. Mu 1896 anakhala pulezidenti wake woyamba.

Anamwalira pa 11 Ogasiti 1921 ali ndi zaka 92. Mpingo umawakumbukira pa 9 Ogasiti.