Marie Curie: adapita kalekale, makope ake akadali oopsa

Kunyumba yaikulu yosungira mabuku mumzinda wa Paris ku France kuli makope ena omwe amakhala m'mabokosi okutidwa ndi mtovu. Mwiniwake, Marie Curie, adamwalira mu 1934, koma mpaka lero makopewo akutulutsabe cheza chosaoneka ndi maso chomwe chimawononga thupi.

Mayiyu adabadwa pa 7 November 1867 ku Warsaw m'dziko la Poland, ndipo dzina lake lidali Maria Sklodowska. Panthawiyo atsikana kumeneko sankaloledwa kulowa yunivesite, choncho adayamba wagwira ntchito yophunzitsa ana m'makomo mwa anthu olemera kufikira mu 1891 pomwe adapita kukaphunzira ku Paris. Kumeneko adakwatiwa ndi katswiri wa sayansi, Pierre Curie, mu 1895.

Mu 1898, patangotsala zaka ziwiri kuti John Chilembwe atsegule mishoni ya PIM ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, banjali lidatulukira zinthu ziwiri zatsopano m'miyala ya uranium: polonium ndi radium. Ntchito idali yakalavulagaga. M'chisakasa chodontha, Marie ankatakasa matani a miyala yophwanya m'miphika ikuluikulu, koma pofika 1902 adangopeza gawo limodzi mwa magawo 10 a galamu.

Thukutalo lidamubweretsera mphoto ya Nobel kawiri, mu 1903 ndi mu 1911, yachiwiriyi mwamuna wake atamwalira kale pangozi ya ngolo mu 1906. Pankhondo yoyamba ya dziko lonse adakonza galimoto pafupifupi 20 zokhala ndi makina a X-ray zounikira asilikali ovulala.

Tsoka ilo, kuopsa kwa chezacho kudali kusadadziwike bwino. Marie ankagwira radium popanda zodzitetezera, mwinanso kuyenda nayo m'thumba. Adamwalira pa 4 July 1934 ali ndi zaka 66, thupi litasiya kupanga magazi okwanira. Pomwe boma la France limasamutsira mafupa ake ku Panthéon mu 1995, bokosi lake lidali lokutidwa ndi mtovu.

Chomwe chidatsalira pamakope ake ndicho chikuzunguza mitu maiko omwe amapanga magetsi ndi uranium. Pamafunika zaka 1,600 kuti mphamvu ya radium itsike ndi theka lokha, pomwe PIM, yomwe timaiona ngati yakale, yangopitirira zaka 120. Zinyalala zotere sizizima ukazitentha kapena kuzithira madzi; njira ndi kuzisunga kutali ndi anthu basi.

Ku Koeberg, pafupi ndi Cape Town, komwe magetsi otere adayamba mu 1984, uranium yogwiritsidwa kale ntchito imasungidwa pamalo pomwepo, m'maiwe a madzi ndi m'migolo yachitsulo. Dziko la Finland lidayamba mu 2004 kukumba mapanga a Onkalo, mamita oposa 400 pansi pa thanthwe, oti zinyalalazo zikhalemo zaka 100,000.

Nkhaniyi ikutikhudzanso kuno kwathu. Kampani ya Paladin idakumba uranium ku Kayelekera m'boma la Karonga kuyambira 2009 mpaka 2014, ndipo m'zotsalira za miyala yotere mumakhala radium yomwe ija Marie ankasaka. Mgodi umatsekedwa, kampani imasintha, koma zotsalirazo zidzafunabe mlonda ngakhale zidzukulu za zidzukulu zathu zitatha.