Alick Nkhata: msewu timaudziwa, nanga mwini dzina?

Ngati mumakwela minibasi ya ku Kalingalinga kapena ku Mtendere, dzina ili mumalimva tsiku lililonse. Kondakita amalichula ali lende pacitseko. Dalaivala amalichula podandaula za mzele wa magalimoto pa Longacres. Inunso mumalichula pafoni, pouza abwana kuti mwatsala pang'ono kufika, pamene basi ikalibe kusuntha n'komwe. Sabata yatha ndinafunsa amene ndinapanikizana nawo kumpando wakumbuyo kuti Alick Nkhata anali ndani. Awili anati anali nduna ya boma, wina anati msilikali, wina anangoseka cabe. Anayankha bwino ndi amayi ena acikulile amene anali ndi thumba la nshawa za ku Katete pamiyendo. Iwo anati anali woimba wa pa wailesi, ndipo makolo awo kumudzi ankaleka zonse akamva mau ake.

A Nkhata anabadwila ku Kasama mu 1922, atate awo Mtonga, amayi awo Mbemba. Panyumba potelo mwana amakula ndi zilankhulo ziwili m'kamwa, ndipo khutu limazolowela msanga kumva za ena. Pa nkhondo yaciwili ya dziko lonse anapita ku Burma, monga anyamata ambili a Northern Rhodesia ndi Nyasaland amene anatengedwa kukamenya nkhondo ya Angelezi. Ndiye amene anati anali msilikali sanaphonye kwenikweni, koma anagwila mcila cabe wa nkhani.

Atabwelako kunkhondo anayamba kugwila nchito ndi Hugh Tracey, mzungu wobadwila ku England amene ankayenda m'midzi ya kuno kumwela ndi pakati pa Africa ndi makina ojambulila mau. Tracey ndiye anadzakhazikitsa International Library of African Music mu 1954, nkhokwe ya nyimbo imene lelo ili pa Rhodes University ku South Africa. Nchito yake inali yofuna munthu wodziwa kulowa pamudzi: kupeleka ulemu kwa amfumu, kufotokozela anthu kuti makinawa si ufiti, kumva zimene nyimbo ikunena ndi kudziwa ngati woimba waimba zenizeni kapena wangofuna kukondweletsa mlendo. Apa ndi pamene a Nkhata anaphunzila sukulu imene inawapanga. Anaphunzila kukhala cete n'kumvetsela ena akuimba.

Ca m'ma 1950 analowa nchito pa Central African Broadcasting Station ku Lusaka. Wailesi imeneyi inali yoyamba kuno kwathu kuulutsila makamaka anthu akuda, ndipo inkamveka mu Northern Rhodesia, Southern Rhodesia ndi Nyasaland, m'zilankhulo monga Cinyanja, Cibemba, Citonga ndi Cilozi. Vuto linali lakuti anthu analibe mawailesi. Harry Franklin, amene anali mkulu wa zofalitsa nkhani m'boma la atsamunda, anakakamila mpaka kampani ya Ever Ready ku Britain inapanga kawailesi kochipa ka batile. Kanatuluka mu 1949, mtengo wake mapaundi 5, batile yogula payokha. Kanali kozungulila ngati poto, kopaka utoto wabuluu, ndiye anthu anakacha Saucepan Special.

Kucokela ku Lusaka kufika ku Katete ndi makilomita pafupifupi 500 pa Great East Road, ndipo masiku amenewo unali ulendo wa fumbi, wosayenda mwacisawawa. Amuna ambili a ku Katete, Sinda ndi kumalile kwa Vubwi anali kumigodi ya ku Copperbelt, ena kumapulazi ndi m'matauni a Southern Rhodesia. Kalata inkatenga masabata. Agogo anga aakazi, amene anakulila pafupi ndi Katete, ankasimba kuti pamudzi pawo wailesi inali imodzi, ya bambo wina wobwela kumigodi. Madzulo ankaiika pampando panja, anthu n'kukhala pansi mozungulila, ndipo ikatha pulogalamu ankaitseka msanga kuti batile isathe. Imene ankaiyembekeza kwambili inali Zimene Mwatifunsa, ya moni ndi nyimbo zopempha, cifukwa mwina dzina la mwana wako amene ali ku Luanshya lingachulidwe. Pakati pa moni ameneyo m'pamene munkatuluka mau a a Nkhata ndi gitala yawo.

Sankaimba okha. Gulu limene linawachukitsa linali Alick Nkhata Quartet. Liu lakuti quartet litanthauza anthu anayi oimba pamodzi, ndipo linachuka ndi nyimbo zakale za ku Ulaya. Kumeneko gulu lotelo limakhala ndi mavayolini awili, viyola imodzi ndi chelo imodzi, ndipo Joseph Haydn wa ku Austria, amene anamwalila mu 1809, analemba nyimbo zoposa 60 za magulu otele. Gulu lalikulu la oimba 70 kapena 80 limakhala ndi munthu woima kutsogolo ndi kamtengo, amene nayenso amachedwa kondakita, ngati wathu wa m'basiyu. Koma pa anthu anayi palibe kondakita. Aliyense ali ndi mbali yakeyake, palibe wobisala kumbuyo kwa mnzake, ndipo mmodzi akathamanga kapena kukweza mau mopitilila nyimbo yonse imagwa. Cimene cimawagwilizanitsa ndi khutu basi.

Munthu wa kum'mawa safunika kupita ku Vienna kuti amvetse zimenezi. Amayi atatu pamtondo umodzi, misi itatu ikulowa mosinthana popanda kugundana, wina akutsogolela nyimbo ena akuyankha, ndi nzelu yomweyo. Ng'oma za Gule Wamkulu zimene timamva ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba caka ciliconse mu August nazonso ndi cimodzimodzi: iliyonse ili ndi mau ake, ndipo woimba ng'oma wosamvela anzake amasokoneza wovina. A Nkhata ndi anzawo anatenga nzelu ya pamtondo ndi pabwalo n'kuiika pa magitala ndi mau osanjikizana bwino, mwa mtundu umene unkamveka m'magalamafoni a nthawi imeneyo. Nyimbo ya kumudzi inkabwela m'tauni, n'kuvala jekete, n'kubwelelanso kumudzi kudzela m'kapoto kabuluu kaja, eni ake n'kuizindikila.

Citsanzo cabwino ndi nyimbo yawo yochedwa Kalindawalo Ni Mfumu. Kalindawalo ndi mfumu yaikulu ya Ansenga ku Petauke, oyandikana ndi Sinda. Ganizilani: mwana wa ku Kasama, wa amayi Acibemba, akuimba dzina la mfumu ya Ansenga pa wailesi yomveka m'maiko atatu, ndipo wa ku Mongu ndi wa ku Mansa akumvela limodzi. Izi zinkacitika kukalibe mau akuti dziko limodzi, mtundu umodzi. Anaimbanso za moyo watsopano wa m'tauni, wa cikondi, ndalama, mowa ndi maukwati ogwedezeka, m'nyimbo monga Shalapo ndi Taxi Driver. Ankaseka anthu a m'tauni koma mosanyoza, pakuti naonso anali a m'tauni momwemo.

Koma kugwila nchito pa wailesi ya boma la atsamunda kunali ndi minga yake. Mu 1953 Angelezi anakakamiza Federation ya Rhodesia ndi Nyasaland, imene anthu akuda ambili anaikana. Aliyense wolandila malipilo a boma ankakayikilidwa, makamaka amene mau ake ankamveka akuwelenga nkhani za boma. Peter Fraenkel, amene anagwila nchito pa siteshoni imeneyo, analemba m'buku lake Wayaleshi la mu 1959 mmene mphekesela za banyama, anthu amene ankati amagwila anzawo usiku n'kuwakhetsa magazi, zinafikila mpaka pa aulutsi akuda a pa wailesi. Munthu amene dzulo anthu ankamuombela m'manja, lelo ankayenda moceuka m'komboni. A Nkhata anapilila nyengo imeneyo osasiya kuimba, ndipo pamene nkhondo ya ufulu inakula mau awo anamveka kumbali ya UNIP ya a Kenneth Kaunda.

Gulu la anthu anayi lija linakula n'kukhala Lusaka Radio Band, imene pambuyo pake inachedwa Big Gold Six. Ufulu utabwela mu 1964, a Nkhata anakwela mpaka pa maudindo akuluakulu a wailesi ya boma ndi a zacikhalidwe. Pampando umenewo anacita cimene anaphunzila kwa zaka zonse zija: kutsegulila ena citseko, kuti nyimbo za m'zilankhulo zathu zijambulidwe ndi kuulutsidwa, osati za kunja zokhazokha. Mu 1974 anapuma pa nchito n'kupita kukalima ku famu yawo ku Mkushi.

Kumeneko ndi kumene nkhondo ya eni ake inawapeza. Zambia inkasunga omenyela ufulu wa Zimbabwe, makamaka a ZIPRA a Joshua Nkomo, ndipo boma la Ian Smith linkabwezela powoloka malile. Pa 3 September 1978 a ZIPRA anagwetsa ndeke ya Air Rhodesia yonyamula anthu wamba pafupi ndi Kariba. Pa 19 October caka comweco asilikali a Rhodesia analowa mu Zambia ndi ndeke ndi mahelikopita. Anaphulitsa Freedom Camp ku Chikumbi, kumpoto kwa Lusaka, ndipo akuluakulu a mumzinda uno amakumbukila mpaka lelo maambulansi a tsiku limenelo. Anaukilanso kampu ya ku Mkushi, mmene munali atsikana ndi amayi ambili. Famu ya a Nkhata inali pafupi ndi kampuyo, ndipo iwo anaphedwa pa ciwembu cimeneco, ali ndi zaka 56. Munthu amene anapulumuka ku Burma anafela pakhomo pake, ali mlimi wopuma pa nchito.

Boma linawapatsa msewu, ndipo linasankha bwino: Mass Media Complex, likulu la ZNBC, ili pa msewu womwewo. Koma msewu suimba. Nyimbo zawo zinasonkhanitsidwa n'kutulutsidwanso mu 1991 ndi kampani ya RetroAfric ya ku London, pa cimbale ca Shalapo and Other Love Songs. Ndiye kuti a kunja anacita kutikumbutsa za munthu wathu. Manje zambili zimapezeka pa YouTube, ndipo bandulo imene mumathela pa mavidiyo oseketsa ikwanila kumvela zitatu kapena zinayi musanatsike. Mudzamva kuphwanyika kwa galamafoni yakale, inde, koma pansi pake mudzamva amuna akupumila pamodzi, wina akusiyila mnzake malo.

Ici ndico cimene ndiona kuti tikutaya. Lelo mnyamata mmodzi ndi laputopu m'kacipinda ku Mtendere amapanga nyimbo yonse, mnzake n'kutumiza vesi yake pa WhatsApp, osaonana n'komwe. Palibe colakwa, ndalama ya situdiyo ndi yovuta, ndipo zina zimatuluka bwino ndithu. Koma kukhala pansi anthu anayi, kubweleza nyimbo imodzi kakhumi mpaka mau agwilizane, kupita kwa agogo ku Kagoro kapena ku Nyanje kukamva mmene amaimbila pamtondo asanapite nazo kumanda, zimenezo zikucepa. Zigayo zalowa m'malo mwa mitondo, ndipo nyimbo zimene zinkaimbidwa posinja zilibe pena pokhala. A Nkhata anazipeza zikali zamoyo n'kuzinyamula. Zimene zatsala zikudikila wina wozitola.

Amayi a nshawa aja anatsikila pa Kalingalinga. Potsika anandiuza kuti atate awo anagulitsa mbuzi kuti agule batile ya wailesi, ndipo amayi awo anakwiya mwezi wathunthu, koma madzulo alionse ndiwo ankayamba kuyala mphasa pafupi ndi mpando wa wailesi. Kondakita anamenya citseko kawili, tinanyamuka, ndipo m'masipika munali kulila nyimbo ina ya caka cino.