Mayi Lucille Clifton, mlakatuli wa zala 12

Anzathu a kalabu, mwezi uno tapita kutali, ku America. Mayi Lucille Clifton anabadwa mu 1936 ku Depew, New York. Mayi awo, a Thelma, ankalemba ndakatulo, koma mwayi woti zisindikizidwe utapezeka, bambo a pakhomopo anakana. A Thelma anangotenga mapepala awo n'kuponya pamoto. Atsikana amene mumabisa makope anu a ndakatulo pansi pa mphasa, mwamva?

Mwanayo ndiye sanapemphe chilolezo kwa munthu. Buku lawo loyamba, Good Times, linatuluka mu 1969 ali ndi ana 6 pakhomo. Phokoso lake tangoganizani!

Ndakatulo zawo n'zazifupi, koma zimaluma. Ankalemba za chiuno, msambo ndi khansa ya m'mawere mosapsatira, nkhani zimene ku Ntaja kapena ku Ulongwe timangonong'onezana kuseri kwa nyumba. Ankatenganso nkhani ya Adamu ndi Hava n'kumulola Hava kuti alankhule yekha.

Koma chondigwira mtima ine ndi zala. Anabadwa ndi zala 6 dzanja lililonse, ngati mayi awo. Zowonjezerazo anazidula adakali khanda, komabe m'ndakatulo zimabwerabe ngati mphamvu yobisika ya akazi akwawo, mtundu wa gogo Caroline, amene akubanja ankati anagwidwa ukapolo ku Dahomey.

Mu 2000 analandira mphoto ya National Book Award. Anamwalira ku Baltimore pa 13 February 2010, ali ndi zaka 73.