John Ross, Mbusa Amene Anaphunzira Chikoreya pa Chipata cha Malire

Anthu a ku Mchinji akamawoloka malire pa Mwami kupita ku Chipata sasoŵa womasulira, pakuti mbali zonse ziŵiri chilankhulo n'chimodzi. Koma si malire onse ali otero. M'zaka za m'ma 1870, m'chigawo cha Manchuria, kumene dziko la China limachita malire ndi la Korea, kunali malo otchedwa Chipata cha Korea, ndipo mlendo sankaloledwa kupitirira pamenepo. Pa chipata chimenecho ndi pamene mbusa wina wa ku Scotland, dzina lake John Ross, anapeza mphunzitsi, ndipo m'maphunziro awo munatuluka buku loyamba la m'Chingerezi lophunzitsa Chikoreya kwa ongoyamba kumene.

Ross anabadwa m'chaka cha 1842 kumpoto kwa Scotland, kumene anthu ankalankhula Chigaelic. Chotero Chingerezi chinali chilankhulo chake chachiŵiri, monga momwe chilili kwa ana ambiri a kuno kwathu. M'chaka cha 1872 mpingo wa United Presbyterian unamtuma ku China. Mpingo umenewu ndi womwewo umene kunachokera Dr Robert Laws, amene anafika pa nyanja ya Malaŵi mu 1875. Ross anakhazikika pa doko la Yingkou, koma asanathe chaka mkazi wake anamwalira atangobereka mwana wamwamuna. Iye sanabwerere kwawo. Anapitiriza kuphunzira Chitchaina kufikira atachidziŵa bwino, ndipo pambuyo pake anasamukira mu mzinda wa Mukden, umene lero ukutchedwa Shenyang.

Pa nthaŵiyo mafumu a ku Korea anali atatseka dziko lawo. Mu 1866 boma linapha Akatolika zikwizikwi pamodzi ndi amishoni asanu ndi anayi a ku France, ndipo Mkoreya aliyense wopalana ubwenzi ndi mlendo ankaika moyo wake pachiswe. Malonda okha ndiwo ankaloledwa, nthaŵi zoŵerengeka pa chaka, pa msika wa pa chipata paja. Ross anapitako mu 1874, koma sanapeze munthu wolola kumphunzitsa. Atapitakonso mu 1876 anakumana ndi wamalonda wa ku Uiju, dzina lake Yi Ung-chan, amene katundu wake anali atamira mu mtsinje wa Yalu. Umphaŵi unamkakamiza munthuyo kuvomera ntchito imene anzake onse ankaiopa, ndipo anayenera kuigwira mobisa.

Choyamba chimene wophunzirayo anakumana nacho ndi zilembo. Anthu ophunzira a ku Korea ankalemba m'zilembo za Chitchaina, zimene zilipo zikwi zambiri ndipo zimadya zaka kuti munthu azidziŵe. Komatu dzikolo linali ndi zilembo zakezake, zimene lero zikutchedwa Hangul, zopangidwa ndi Mfumu Sejong mu 1443 ndi kulengezedwa mu 1446. Poyamba zinalipo 28, ndipo zimene zikugwira ntchito lero ndi 24. Zilembozi saziika mondondozana monga za Chicheŵa, koma amaziunjika ziŵiri, zitatu kapena zinayi m'kabokosi kamodzi, ndipo kabokosi kalikonse ndi phatikizo limodzi la mawu. Akuluakulu ankazinyoza, namati n'za amayi ndi anthu wamba. Ross anaona kuti chimene iwo ankachiyesa chonyozeka ndicho chinali mphamvu yake, pakuti munthu wosapita kusukulu ankatha kuziphunzira m'masiku oŵerengeka.

Chachiŵiri chinali kaumbidwe ka chiganizo. Mcheŵa amati mwana amwa madzi, koma Mkoreya amaika mneni kumapeto, ngati kunena kuti mwana madzi amwa. Timawu timene m'Chicheŵa timatsogola, monga ku, pa ndi mu, m'Chikoreya timabwera pambuyo pa dzina. Nyumba amati jip, ndipo pofuna kunena kuti kunyumba amati jibe, kuphatikiza kachilembo ka e kumapeto. Madzi ndi mul, munthu ndi saram, ndipo bap ndi mpunga wophika, komanso ndi chakudya chilichonse cha pa nthaŵi yake, monga muja Mcheŵa asanadye nsima amati sanadye. Chachitatu chinali ulemu. Monga kuno mwana satchula mkulu kuti iwe, ku Korea mathero a mneni amasintha poyang'ana amene akulankhulidwa naye, ndipo mlendo wosokoneza zimenezi amakhala watukwana asakudziŵa.

M'chaka cha 1877 Ross anasindikiza ku Shanghai kabuku kotchedwa Corean Primer. Sanayambe ndi malamulo ataliatali. Anagaŵa maphunziro motsata zochitika za tsiku ndi tsiku, monga za pakhomo, za paulendo ndi za malonda, ndipo chiganizo chilichonse anachilemba m'zilembo za Hangul, pansi pake katchulidwe kake, kenaka tanthauzo la liwu lililonse m'Chingerezi. Kalelo Akoreya ankalemba mawu onse molumikiza, popanda mpata. Pofuna kuti wophunzira aone pamene liwu layambira ndi pamene lathera, Ross anasiya mpata pakati pa mawu, ndipo akatswiri ambiri amati kabukuka ndi koyamba kuchita zimenezi m'Chikoreya. Mu 1882 anatulutsa buku lina lokulirapo, Korean Speech, lokhala ndi malamulo a chilankhulo ndi mndandanda wa mawu. Zaka zomwezo ntchito yofanana ndi imeneyi inali mkati kuno, pakuti Alexander Riddel anasindikiza buku la malamulo a Chinyanja mu 1880.

Cholinga chake chenicheni chinali kumasulira Baibulo. Mothandizana ndi mlamu wake John MacIntyre ndi anyamata angapo a ku Uiju, anasindikiza Uthenga wa Luka ndi wa Yohane ku Mukden mu 1882, ndi Chipangano Chatsopano chonse mu 1887, m'zilembo za Hangul. Amene anawolotsa mabukuwo malire anali Akoreya eni ake, mmodzi wa iwo Seo Sang-ryun, ndipo anali atafalikira kale amishoni Achiprotestanti asanaloledwe kukhala m'dzikomo. Ross mwiniyo anakaponda mu mzinda wa Seoul mu 1887, patapita zaka khumi chitulukire kabuku kake koyamba.

Ntchitoyo inali ndi chilema chake. Popeza aphunzitsi ake onse anali a kumpoto chakumadzulo, Chikoreya chimene iye analemba chinali cha kumeneko, ndipo anthu a ku Seoul ankachimva chachilendo. Pa chifukwa chimenechi amishoni a ku likulu anamasuliranso Chipangano Chatsopano, ndipo chinatuluka mu 1900. Munthu amatenga kalankhulidwe ka amene wamphunzitsa, monga momwe mlendo wophunzira Chicheŵa ku Mchinji amadziŵika msanga akatsegula pakamwa ku Zomba.

Ross anapuma pa ntchito mu 1910 chifukwa cha kufooka kwa thupi, ndipo anamwalira ku Edinburgh mu 1915. Wachinyamata wofuna kuyamba Chikoreya lero ali ndi mabuku, wailesi ndi intaneti, zimene Ross analibe, ndipo Akoreya eni ake akupezeka m'dziko muno, monga pa chipatala cha Daeyang Luke ku Lilongwe. Koma ndondomeko imene iye anatsata sinakalambe: zilembo poyamba, kenaka mawu a pakhomo ndi a pamsika, pambuyo pake kaumbidwe ka chiganizo ndi mawu a ulemu, ndipo zonsezi kuzimva kuchokera pakamwa pa mwini chilankhulo. Mphunzitsi wake woyamba sanali wophunzira wa m'nyumba ya mfumu, koma wamalonda wa pamalire amene anali atataya mpamba wake m'madzi.